Chinjoka, Mafumu ndi Wosoka Nsapato pa Phiri la Wawel

Pakhomo la tchalitchi chachikulu cha pa phiri la Wawel, mumzinda wa Kraków ku Poland, pamalendewera mafupa akuluakulu omangidwa ndi unyolo. Akhala pamenepo zaka mazanamazana. Ana a sukulu akafika amawaloza n'kumauzana kuti ndi mafupa a chinjoka chomwe chinkakhala m'phanga la kunsi kwa phirilo, ndipo akuluakulu amawonjezera kuti tsiku lomwe adzagwe pansi, dziko lidzatha. Akatswiri a zamoyo zakale amati ndi mafupa a namgumi, chipembere ndi njovu yaubweya ya makedzana. Anthu a ku Kraków zimenezi amazidziwa bwino, komabe palibe amene adaganizapo zowatsitsa.

Wawel ndi kaphiri ka miyala ya laimu m'mbali mwa mtsinje wa Vistula. Pansonga pake ndi mamita 228 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo munthu amakakwera mphindi zochepa chabe osatuluka ndi thukuta lomwe. Komatu kwa zaka zoposa 500, kuyambira cha m'ma 1040, olamulira dziko la Poland ankakhala pamenepa. Kuyambira 1320 ankalongedwa ufumu m'tchalitchi cha paphiripo, n'kuikidwanso m'manda pansi pa tchalitchi chomwecho.

Woyamba kulemba za chinjokacho adali Wincenty Kadłubek, bishopu wa Kraków kuyambira 1208 mpaka 1218. M'buku lake la mbiri ya dzikolo, lomwe adalilemba m'Chilatini, adasimba za chilombo cha m'phanga chomwe chinkafuna ng'ombe zowerengeka sabata iliyonse. Ng'ombe zikaperewera, chinkadya anthu ochuluka molingana ndi ng'ombe zosowazo. Mfumu Krak adatuma ana ake aamuna awiri kuti akachiphe. Zida zitakanika, anyamatawo adatenga zikopa za ng'ombe, n'kuikamo sulufule wonyeka, n'kuzisiya pomwe anthu ankasiya ng'ombe. Chilombocho chidangomeza osatafuna, moto n'kuchipsereza m'mimba.

Mbali yotsatira ndi yomwe makolo a masiku ano amaidumpha posimbira ana. Chinjoka chitangofa, wamng'ono adapha mkulu wake pomwepo, n'kubwerera kumudzi akulira kuti chilombo ndicho chamudya. Adalowa ufumu, koma chinsinsi chidaululika ndipo adapirikitsidwa m'dzikomo. Mpando udapita kwa mlongo wawo, Wanda, yemwe adakana kukwatiwa ndi kalonga wa ku Germany wobwera ndi gulu la nkhondo. Kadłubek amati asilikali a kalongayo atangomuona Wanda adakana kumenya nkhondo. Olemba a pambuyo pake ndiwo adawonjezera zoti adadziponya mu Vistula.

Nthanoyi idayenda zaka mazana anayi ikusintha pakamwa pa osimba. Jan Długosz, wolemba mbiri wa m'zaka za m'ma 1400, adachotsa ana aja n'kupereka ulemu wonse kwa Krak mwini. Kenako m'buku la mbiri la banja la Bielski, lomwe lidasindikizidwa mu 1597, mudatulukira munthu wina yemwe sadali wa kubanja lachifumu n'komwe: Skuba, wosoka nsapato. Iyeyu ndiye adasoka chikopa chodzaza sulufule. Chinjoka chitameza, kukhosi kudayaka, chidatsetserekera kumtsinje n'kumwa madzi osalekeza mpaka kufa. Mwana aliyense wa ku Poland lero amadziwa za wosoka nsapatoyo, ndipo ambiri amawonjezera zoti chilombocho chidachita kuphulika. Za m'bale wopha mnzake chifukwa cha mpando, ndi ochepa amene adazimvapo.

Owerenga a ku Zomba ndi Phalombe, omwe adakula akumva za Napolo wokhala pansi pa phiri, sangadabwe ndi chilombo cha m'phanga la m'mbali mwa madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti cha ku Wawel chidaphedwa, ndipo amene adachipha adasintha kuchoka pa ana a mfumu kufika pa mmisiri wa zikopa. Phiri lenilenilo lidayendanso njira yomweyo.

Kum'mwera kwa mzindawu kuli chulu chachikulu choumbidwa ndi anthu, chotalika mamita 16, chomwe amati ndi manda a Krak. Poti kutsutsa galu n'kukumba, akatswiri adachikumba m'zaka za m'ma 1930. Manda a mfumu sadawapeze. Zomwe zili ndi umboni ndi za pa Wawel penipeni: mu 1917 ofukula adavundukula makoma a katchalitchi kozungulira ka miyala, komangidwa cha m'ma 1000, nthawi yomwe Kraków idalandira bishopu wake woyamba.

Magazi enieni adakhetsedwa mu 1079. Mfumu Bolesław II adakangana ndi Bishopu Stanisław, ndipo bishopuyo adaphedwa, thupi lake n'kudulidwa nthulinthuli. Mfumuyo idathawira ku Hungary osabwereranso. Nthano idamera pomwepo, yoti ziombankhanga zidalondera ziwalozo mpaka zidalumikizananso n'kukhala thupi lamphumphu. Nthano imeneyi idagwira ntchito yaikulu. Kuyambira 1138 dziko la Poland lidagawika pakati pa akalonga a banja limodzi omwe ankangokhalira kulandana Kraków, ndipo m'nyengo yomweyi ndi momwe Kadłubek ankalemba za abale ophana aja. Ansembe adayamba kulalikira kuti monga thupi la Stanisław lidalumikizana, dzikonso lidzalumikizana. Stanisław adalengezedwa kukhala woyera mu 1253, ndipo pa 20 January 1320 Władysław Łokietek adavekedwa chisoti chaufumu pa Wawel monga mfumu ya dziko logwirizananso. Kuchokera apo mafumu ankalongedwa pafupi ndi mafupa a bishopu yemwe adaphedwa ndi mfumu inzawo. Mwambowu udapitirira mpaka 1734, ndipo bokosi lasiliva la Stanisław likadali pakati pa tchalitchicho.

Mwa onse ogona m'menemo, amene amakoka mitima ya anthu kwambiri ndi Jadwiga. Adalongedwa mu 1384 ali kamtsikana ka zaka pafupifupi khumi, ndipo adamulonga monga mfumu yeniyeni, osati mkazi wa mfumu. Mu 1386 adakwatiwa ndi Jogaila, wolamulira wa Lithuania, yemwe adabatizidwa kuti ukwatiwo utheke, ndipo maiko awiriwo adayamba kuyendera limodzi. Jadwiga adamwalira mu 1399 ali ndi zaka 25, patangopita masiku ochepa mwana wake wakhanda atamwalira. Zokongoletsera zake za mtengo wapatali adazisiyira sukulu yaukachenjede ya Kraków, yomwe idakhazikitsidwa mu 1364 koma idali itafooka. Manda ake atatsegulidwa, mudapezeka ndodo yaufumu yosema pamtengo. Sukuluyo ilipo mpaka lero, ndipo Nicolaus Copernicus adaphunzira pamenepo.

Nyumba yachifumu yomwe alendo amaona masiku ano idamangidwa moto utaononga yakale mu 1499. Mfumu Sigismund I adaitana amisiri a ku Italy, mmodzi mwa iwo Bartolomeo Berrecci, ndipo iwo adamanga bwalo lozunguliridwa ndi makonde osanjikizana katatu. Mfumu yomweyi idalamula kuti asule belu lalikulu. Hans Behem wa ku Nuremberg adalisula mu 1520, ndipo lidalira koyamba pa 13 July 1521. Limalemera matani oposa 12, ndipo mpaka lero limaimbidwa ndi manja: anthu 12 amakoka zingwe, asanu ndi mmodzi mbali iyi, asanu ndi mmodzi mbali inayo. Sililira wambawamba. Limamveka pa zikondwerero zazikulu za mpingo ndi za dziko, kapena pakagwa chachikulu. Lidalira mu 2004 pomwe Poland inkalowa mu European Union, ndipo lidaliranso mu 2005 Papa John Paul II atamwalira. Alendo okwera pansanjapo amagwira lilime la belulo ndi dzanja pofuna mwayi, makamaka wa banja.

M'chipinda chomwe mfumu inkalandiriramo akazembe ndi kuweruza milandu, munthu akakweza maso amakumana ndi nkhope zikumuyang'ana kuchokera kudenga. Ndi mitu yosema pamtengo, ya asilikali, amayi, akuluakulu a kubwalo ndi anthu wamba. Idalipo 194, koma yatsala 30. Umodzi ndi wa mzimayi womangidwa kansalu pakamwa. Nthano imati tsiku lina Mfumu Sigismund Augustus, atatopa ndi milandu, adatsala pang'ono kulanga mayi wamasiye wosalakwa yemwe ankamunamizira kuba. Mutuwo udayankhula kuchokera kudenga, kuchenjeza mfumu kuti iweruze mwachilungamo. Mfumu idabwereza mlanduwo n'kumumasula mayiyo, koma idalamula wosema kuti atseke pakamwa pa mutuwo. Amene adapeka nthanoyi ankawadziwa olamulira: uphungu amaulandira, koma wouperekayo samukhululukira.

Sigismund Augustus yemweyu adaitanitsa ku Brussels nsalu zikuluzikulu zopachika pakhoma, zolukidwa ndi ubweya wa nkhosa, silika, ndi ulusi wa siliva ndi golide. Zikuonetsa Adamu ndi Hava, chingalawa cha Nowa, nsanja ya Babele ndi nyama za m'nkhalango. Zoposa 130 zidakalipo, ngakhale zidayenda maulendo omwe mwini wake sakadawalota.

Ulemerero udayamba kutha ndi moto wina wa mu 1595. Mfumu Sigismund III adayamba kusamutsira bwalo lake ku Warsaw, ndipo mu 1609 adachoka pa Wawel osadzakhalaponso. Asilikali a Sweden adafunkha phirilo mu 1655, n'kudzabweranso mu 1702, pomwe moto womwe adasonkha m'nyumbamo udapsereza zipinda zambiri. Zidafika pa mwana wakana phala mu 1795, pomwe Russia, Prussia ndi Austria adamaliza kugawana dziko la Poland, dzina lake n'kufufutika pa mapu kwa zaka 123. Asilikali a Prussia adathyola mosungira chuma n'kutenga zisoti zaufumu, ndipo patapita zaka zingapo adazisungunula kuti apeze golide. Nsalu zija zidatengedwa kupita ku Russia. Austria idasandutsa phirilo kampu ya asilikali. Idagwetsa matchalitchi awiri akale, cha Michael Woyera ndi cha George Woyera, kuti asilikali apeze bwalo la perete, ndipo m'zipinda za mafumu mudalowa mabedi a asilikali ndi a odwala.

Apa ndi pomwe mbiri ya Wawel imakoma kuisimba, chifukwa phirili lidakula m'mitima ya anthu nthawi yomwe padalibe mfumu ngakhale imodzi. Anthu opanda boma, opanda gulu la nkhondo, omwe m'madera ena ana awo ankaletsedwa kuphunzira m'chiyankhulo chawo, adatsala ndi manda. Tsono adayamba kuikamo anthu osankha okha. Mu 1817 adabweretsa mtembo wa Józef Poniatowski, mkulu wa asilikali yemwe adafera kunkhondo ya ku Leipzig. Chaka chotsatira adabweretsa Tadeusz Kościuszko kuchokera ku Switzerland, munthu yemwe adatsogolera kuukira kwa mu 1794 ali ndi alimi onyamula zikwakwa pambuyo pake. Mu 1869 ogwira ntchito m'tchalitchi adatsegula mwangozi manda a Mfumu Casimir Wamkulu, ndipo mwambo womuikanso udasonkhanitsa namtindi wa anthu ochokera m'zigawo zonse zitatu zolandidwa. Mu 1890 adatenga ku France mafupa a mlakatuli Adam Mickiewicz, munthu yemwe sadalamulirepo ndi mudzi womwe, n'kumugoneka pansi pa tchalitchi cha mafumu. Maliro aliwonse otere adali msonkhano wa mtundu wonse womwe atsamunda sakadatha kuuletsa mosavuta, poti woletsa maliro amaoneka mfiti kulikonse.

Nyumba yachifumu adaiwombola mwanzeru. Mu 1880 atsogoleri a chigawo cha Galicia, momwe mudali Kraków, adapempha Mfumu Franz Joseph wa Austria kuti alandire Wawel ikhale imodzi mwa nyumba zake, podziwa kuti nyumba ya mfumu singakhalenso kampu. Iye adavomera, koma asilikali adati sangachoke popanda kowasamutsira. Eni dziko adachita kulipira ndalama zomangira adani awo makampu atsopano. Asilikali adayamba kutuluka mu 1905, ndipo omaliza adachoka mu 1911.

Poland itapezanso ufulu mu 1918, ndalama zokonzera nyumbayo zidasowa. Adolf Szyszko-Bohusz, mmisiri wotsogolera ntchitoyo, adapempha anthu kuti asonkhe, ndipo wosonkha ankalembedwa dzina pa kamwala koikidwa pakhoma la m'mbali mwa njira yokwerera phirilo. Osonkha adaposa 6,000: mabanja, masukulu, magulu a asilikali, mabungwe a antchito, ndi ena okhala kunja kwa dziko. Russia nayo idabweza nsalu zija potsatira pangano la ku Riga la mu 1921, pamodzi ndi Szczerbiec, lupanga lomwe ankalongera mafumu.

Sizidakhalitse pakhoma. Mu September 1939, asilikali a Germany akuyandikira, osamalira nyumbayo adapinda nsaluzo, n'kuzikweza pa bwato pamodzi ndi lupanga lija, n'kutsika nazo mu Vistula. Kuchoka apo zidayenda pa ngolo ndi pa galimoto mpaka ku Romania, kenako France, kenako Britain, ndipo mu July 1940 zidawoloka nyanja pa sitima ya Batory kupita ku Canada. Lupanga lidabwerera mu 1959, nsalu mu 1961.

M'zipinda zomwe adazisiya zopanda kanthu mudalowa Hans Frank, bwanamkubwa woikidwa ndi Hitler. Adakhala pa Wawel ndi banja lake mpaka January 1945, akuchititsa maphwando ndi kupachika pakhoma zithunzi zakuba, kuphatikizapo chojambula cha Leonardo da Vinci cha mayi wonyamula kanyama koyera. Tchalitchi adachitseka kuti anthu asamapempheremo. Kutsidya kwa mtsinje, Ayuda omwe adatsala mumzindawo, mwa oposa 60,000 omwe adalipo nkhondo isanayambe, adatsekeredwa mumpanda mu 1941, ndipo pofika March 1943 adali ataphedwa kapena kutumizidwa kumisasa ya ukaidi ndi ya imfa. Frank adaweruzidwa ku Nuremberg n'kunyongedwa pa 16 October 1946. Pa onse omwe adakhalapo paphiripa, uyu yekha ndiye adadyadi anthu, ndipo za iye palibe nthano yosimbira ana.

Patangotha milungu iwiri Frank atanyongedwa, pa 2 November 1946, wansembe wachinyamata wodzozedwa dzulo lake adatsikira m'chipinda cha pansi cha Leonard Woyera n'kuchita Misa yake yoyamba pakati pa mabokosi a mafumu ndi la Kościuszko. Dzina lake lidali Karol Wojtyła. Adadzozedwa ubishopu m'tchalitchi chomwecho mu 1958, adakhala bishopu wamkulu wa Kraków mu 1964, n'kusankhidwa kukhala Papa mu 1978, chaka chomwe UNESCO idaika Wawel ndi mzinda wakale wa Kraków pa mndandanda wake woyamba wa malo osungidwa a dziko lonse. Ndi Papa John Paul II yemwe uja adafika ku Zambia ndi ku Malawi mu May 1989. Mu 1997 adabwerera kwawo kukalengeza kuti Jadwiga ndi woyera.

Nthano sizidathe ndi makedzana. Mu 1973 akatswiri adatsegula manda a Mfumu Casimir IV, yemwe adamwalira mu 1492, ndipo m'zaka zotsatira angapo mwa omwe adagwira ntchitoyo adamwalira. Mumzinda mudamveka manong'onong'o akuti mfumu yalipsira oisokoneza tulo. Katswiri wa tizilombo tosaoneka ndi maso, Bolesław Smyk, adayeza zotengedwa m'mandamo n'kupezamo Aspergillus flavus, chuku chomwe chija chimaononga mtedza ndi chimanga chosauma bwino, ndipo ambiri amaganiza kuti ndicho chidadwalitsa anthuwo. Palinso ena omwe amakhulupirira kuti pansi pa ngodya ina ya bwalo lachifumu pali mwala wopatsa mphamvu, moti amabwera kudzatsamira khoma ali chete, maso ali otsinzina. Oyang'anira malowo sakondwa nazo ndipo adayesapo kuwaletsa.

Phanga lija lilipo. Ndi lotalika mamita pafupifupi 270, ndipo alendo amaloledwa kuyenda mamita 81 okha. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 pakhomo pake padali malo omwera mowa a mbiri yoipa. Lero wotuluka m'phangamo amakumana ndi chinjoka chachitsulo chomwe Bronisław Chromy adaumba, choimikidwa pamenepo mu 1972, ndipo pakapita mphindi zingapo chimalavula moto wa gasi, ana n'kukuwa.

Nkhani yomwe imautsabe mapiri pachigwa ndi yoti ndani woyenera kugona pa Wawel. Chilolezo chimachokera kwa bishopu wamkulu wa Kraków, osati ku boma. Mu 1909 kadinala wa nthawiyo adakana mafupa a mlakatuli Juliusz Słowacki, ndipo adalowamo mu 1927 Józef Piłsudski, mtsogoleri wa Poland pa nthawiyo, atalimbikira kuti mlakatuliyo n'ngofanana ndi mafumu. Piłsudski mwini adaikidwa momwemo mu 1935, ndipo patapita zaka ziwiri Bishopu Adam Sapieha adasuntha bokosi lake boma lisakufuna, mkangano n'kubuka pakati pa boma ndi mpingo. Mu April 2010 ndege idagwa ku Smolensk n'kupha anthu 96, kuphatikizapo Pulezidenti Lech Kaczyński ndi mkazi wake Maria. Belu la Sigismund lidalira. Koma zitangomveka kuti awiriwo akaikidwa pa Wawel, anthu ena adatuluka m'misewu ya Kraków kukatsutsa dziko likadali pa maliro, ena n'kutulukanso kukavomereza. Adaikidwa pa 18 April. Kukangana pa siwa n'kochititsa manyazi, koma kumeneku kudaonetsa kuti anthu wamba a ku Poland amaona kuti mandawo ndi awo, ndipo ali ndi chifukwa: makolo awo ndiwo adawombola phirilo ndi kulikonza ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Wowerenga amene adzafike ku Kraków adzakwere phirili wapansi, kudzera njira ya kumpoto yochokera mumsewu wa Kanonicza, ndipo asadzafulumire kukaona mabokosi a mafumu. Adzayambe waima pakhoma la njerwa n'kuwerengako maina a osonkha aja. Timiyala tambiri tidachotsedwa pokonza khomalo, koma mazana angapo tidakalipo ndipo maina akuwerengeka.